Kapangidwe ka mwezi wowala wa pa siteji ndi beseni komanso magetsi a LED

Sewero likafika pa gawo la usiku, pomwe agogo akuyamba nthano pabwalo kapena atsikana akuvina chitelera, magulu ambiri a zisudzo kuno ku Kasungu amangodula katoni, kumatapo pepala loyera n'kukoloweka kumbuyo. Ena amayatsa tochi kuseri kwa nsalu. Katoni siwala, ndipo tochi imadziwika msanga chifukwa pakati pamathobwa m'maso pomwe m'mbali muli mdima. Kuti anthu akhulupirire kuti akuona mwezi pamafunika zinthu ziwiri: nkhope yake iwale mofanana paliponse, ndipo pouzungulira pakhale mdima wokwanira. Kuchuluka kwa magetsi si nkhani yaikulu. Mwezi wowala mopitirira umangoba maso a anthu, osewera n'kuiwalika.

Kukula kwake

Mwezi weniweni ndi waung'ono kuposa momwe timaganizira. Kumwamba umatenga pafupifupi theka la digiri imodzi, kutanthauza kuti kwa munthu wokhala pa mtunda wa mamita 15 kuchokera pa siteji, mbale ya masentimita 13 ingafanane nawo. Mukapangadi wotero anthu adzauyesa babu. N'chifukwa chake pa siteji timaukuza. Mu holo ya sukulu kapena m'tchalitchi chotalika mamita 15 mpaka 20, wa masentimita 60 ndi wokwanira. Woposa mita imodzi umavuta kunyamula, umavuta kuwalitsa mofanana, ndipo umameza siteji yonse.

Zofunika kupeza

Gulani beseni lapulasitiki la masentimita pafupifupi 60 kukamwa, lakuya masentimita 18 kapena 20. Kuyako n'kofunika kuposa china chilichonse, choncho pitani kumsika ndi tepi yoyezera. Magetsi adzakhala pansi m'kati mwa beseni, nsalu n'kukuta kukamwa kwake. Beseni losaya limayandikitsa magetsi ku nsaluyo ndipo timadontho ta LED timaoneka patali. Lachitsulo limagwiranso ntchito ndipo limachotsa kutentha bwino, koma waya onse awiri akasupuka n'kukhudza chitsulocho fyuzi imapsa, ndiye oyamba kumene atenge lapulasitiki.

Pafunikanso mpukutu umodzi wa mamita 5 wa LED strip (kalamba kokhala ndi timagetsi ta LED) ya 12V, ya timagetsi 60 pa mita, yomwe imadya pafupifupi mawati 5 pa mita. Werengani pa paketi. Ilipo ina yolembedwa 5050 yomwe imadya mawati 14.4 pa mita; imeneyo imawala mopitirira pa ntchitoyi, imatentha komanso imamaliza batire msanga. Pa mtundu wa kuwala, womwe umalembedwa pa paketi ndi nambala yothera ndi K, ya 4000K ndiyo imafanana kwambiri ndi mwezi. Ya 6500K imapita kobiriwira ngati thambo, ya 3000K imapita kwachikasu. Ngati m'mashopu a zamagetsi ndi za sola pa boma mulibe ya 4000K, tengani ya 6500K, nsalu ndi penti zidzaifewetsa. Musagule ija yolumikiza mwachindunji ku soketi ya 230V. Siduka paliponse, sichepetseka kuwala mosavuta, ndipo ndi yoopsa pa chinthu chomwe ana a sukulu azichigwiragwira mumdima.

Zina ndi izi: adaputa ya 12V 3A kapena batire la 12V, dimmer (kachipangizo kochepetsera ndi kukwezera kuwala) ya LED ya 12V yokhala ndi kopotokola, fyuzi ya 3A ndi kanyumba kake, switchi, waya wa mitundu iwiri wofiira ndi wakuda, chidutswa cha pulayiwudi wopyapyala cha masentimita 40 mbali zonse, penti yoyera ndi yakuda zonse zosanyezimira, nsalu yoyera ya thonje ya mita imodzi, mapepala oyera ophikira makeke kapena a tracing, malegeni, mabawuti anayi aang'ono ndi mawashala ake, sandipepa, sipiriti, guluu wa mfuti ndi siponji.

Kukonza beseni

Kwechani beseni lonse ndi sandipepa, mkati ndi kunja, mpaka kunyezimira kuthe, kenaka pukutani ndi sipiriti. Penti sigwira pa pulasitiki wosalala, imasupuka ikangouma. Kunja pakani yakuda kawiri kapena katatu. Mabeseni ambiri amtundu amatulutsa kuwala, ndipo mukapanda kupenta bwino anthu adzaona chinthu chofiira kapena chobiriwira chikuyaka kuseri kwa mwezi. Mkati pakani yoyera kawiri. Ena amamata zojambula zonyezimira za aluminiyamu poganiza kuti ziwonjezera kuwala. Zimenezo zimabweza kuwala m'mizeremizere yomwe imadzaonekera pa nsalu. Penti yoyera yosanyezimira imamwaza kuwala mbali zonse, ndipo ndi zomwe tikufuna.

Penti ikauma boolani mabowo ndi msomali wootcha pamoto: limodzi la waya cha m'mphepete mwa tsinde, anayi a mabawuti, ndi ena asanu ndi limodzi aang'ono opumira, atatu kumtunda atatu kumunsi. Mabowo opumirawa muwatseke ndi kansalu kakuda kopyapyala. M'nyengo ya mvula ngumbi ndi njenjete zimatsata kuwala, ndipo kachilombo kamodzi kakalowa mkati kamaoneka kakuyendayenda pa nkhope ya mwezi sewero lili mkati.

Kuyala magetsi

Dulani pulayiwudi mozungulira kuti akwane pa tsinde la beseni, pafupifupi masentimita 40, ndipo mumupake penti yoyera. Jambulani mzere wodutsa pakati, kenaka mizere itatu kumtunda ndi itatu kumunsi, yotalikirana masentimita 5. LED strip sipindika cham'mbali, choncho musayese kuizungulizazunguliza pa thabwa. Imathyoka mkati momwe simungaone. Muidule m'zidutswa zowongoka. Ya 12V ya timagetsi 60 pa mita imaduka pakatha timagetsi titatu tilitonse, pa masentimita 5, pomwe pali kachizindikiro ka lumo ndi timadontho ta kopa. Mukadula pena, timagetsi titatu ta pamenepo tafa.

Mizere itatu yapakati ifuna zidutswa za masentimita 35, iwiri yotsatira za 30, iwiri yakumapeto za 20. Zonse pamodzi ndi masentimita 205. Matani zidutswazo motsata mizere, koma onetsetsani kuti mbali ya + yayang'ana kumodzi pa zonse, kuti polumikiza musasokonezeke.

Pali njira ziwiri zolumikizira. Mukhoza kulumikiza chidutswa ku chinzake mpaka kumapeto, koma malo amodzi akaduka zonse zotsatira zimazima. Njira yabwino n'kuyendetsa waya awiri, wofiira ndi wakuda, m'mphepete mwa thabwa, chidutswa chilichonse n'kutenga magetsi ake pa waya amenewo. Chimodzi chikafa zinazo zimayakabe ndipo sewero limapitirira. Kuwotcherera ndi soldering iron kumafuna dzanja lozolowera, chifukwa timadontho ta kopa timasupuka tikatenthedwa kupitirira masekondi awiri kapena atatu. Ngati pagulu panu palibe wodziwa, tengani thabwalo kwa okonza mafoni ndi mawailesi pamsika. Kungopota waya ndi kumata tepi sikukhalitsa, kumayamba kuphethira mwezi ukangogwedezeka.

Mangani thabwalo pa tsinde la beseni ndi mabawuti, mawashala akhale kunja kuti pulasitiki asang'ambike. Mukayatsa tsopano mudzaona kuti pakati pakuwala koma m'mphepete muli kamdima, popeza kukamwa kwa beseni n'kotambalala kuposa tsinde. Kuti mukonze zimenezo, zungulizani chidutswa china pa khoma la mkati, masentimita 8 mpaka 10 kuchokera kukamwa. Yezani kaye ndi ulusi. Pa beseni lotere chimakhala cha masentimita pafupifupi 155. Khomalo ndi lopendekeka, ndiye chidutswacho chizifuna kukwera kapena kutsika. Chitsineni pang'ono pa malo odulira pakatha masentimita 15 alionse kuti chitsate mzere. Musachiyandikitse kukamwa kuposa pamenepo, chidzapanga mkanda wa timadontho m'mphepete mwa mwezi.

Zomatira zomwe zimabwera kuseri kwa strip musazidalire. M'mwezi wa Okutobala, mu holo ya malata yopanda siling'i, zimafewa ndipo magetsi amagwera pa nsalu. Dontheserani guluu wa mfuti pakati pa timagetsi pakatha masentimita 10 alionse.

Adaputa, batire ndi waya

Mamita 3.6 omwe mwayala amadya mawati pafupifupi 18, omwe pa 12V ndi ma amp pafupifupi 1.5. Adaputa ya 3A ikwanira ndipo siitentha. Komabe pa tsiku la sewero batire ndilo lodalirika, chifukwa magetsi akazima mwezi umayakabe. Batire la 7Ah, monga la njinga yamoto kapena la UPS (kabokosi kosungira magetsi a kompyuta), siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, choncho werengerani maola awiri ndi pang'ono mwezi ukuyaka mwamphamvu, ndi ochulukirapo mukauchepetsa. La galimoto kapena la sola limayatsa mwezi maola ambiri. Musalumikize mwezi pa batire lomwe likutchajidwa kapena pa galimoto yolira, chifukwa nthawi imeneyo mphamvu imakwera kufika cha m'ma 14V ndipo timagetsi timatentha n'kufa msanga.

Dongosolo lake ndi ili: batire, fyuzi pa waya wofiira pafupi penipeni ndi batire, switchi, dimmer, kenaka mwezi. Fyuzi musaidumphe. Batire laling'ono lomweli likhoza kufiiritsa waya n'kuyatsa katani waya awiri akagundana.

Woyendetsa magetsi amakhala pambali pa siteji kapena kumbuyo kwa anthu, ndiye waya amatalika. Pa mamita 15, waya wa 0.75 mm² amataya pafupifupi voti imodzi, zomwe zimachepetsa kuwala mooneka. Wa 1.5 mm² amataya theka lake. Ngati mwezi sukuyaka konse poyesa koyamba, musathamangire kunena kuti strip ndi yakufa. Kawirikawiri mwangosinthanitsa + ndi -, tembenuzani waya.

Nkhope ya mwezi

Kuti timadontho tisaoneke pamafunika zotchinga ziwiri zokhala ndi mpata pakati. Choyamba ndi pepala. Dulani mapepala ophikira makeke mozungulira, kusiyako timakutu m'mphepete, ndipo muwamate pa khoma la beseni masentimita 4 kuchokera kukamwa. Ngati pepala ndi lopapatiza ndipo mukulumikiza awiri, angogundana m'mphepete, asasanjikizane, chifukwa posanjikizana pamaoneka mzere wakuda.

Chachiwiri ndi nsalu. Ichapeni kuti ichoke sitachi, muisite, ndipo muiyale pakamwa pa beseni. Ikungeni monga mmene amakungira chikopa pa ng'oma: kokani mbali iyi kenaka yoyang'anana nayo, pang'onopang'ono mozungulira, kufikira makwinya onse atha. Mangani ndi legeni kuseri kwa mlomo wa beseni. Amene angathe kufika ku Lilongwe akhoza kugula perspex (pulasitiki wolimba wonga galasi) yoyera ngati mkaka ya mamilimita 3 kwa opanga zikwangwani. Imawala mosalala kuposa nsalu ndipo sida msanga, koma imalemera ndi kusweka ikagwa. Kwa gulu loyendayenda pa minibasi kapena pa lole, nsalu ndiyo yabwino.

Tsopano zimitsani magetsi onse m'chipinda, yatsani mwezi ndipo mubwerere mamita 5. Mukaona mizere, onjezani pepala lina pamwamba pa loyambalo. Musapite patsogolo nkhope isanasalale.

Kujambula madontho a pa mwezi

Apa ndi pomwe beseni limasanduka mwezi, ndipo mpofunika kudekha. Madera akuda omwe ena amati ndi mayi wobereka mwana atasenza nkhuni, ena amati kalulu, ndi zigwa za mwala wakuda ndipo zimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhope yomwe timaiona. Mwezi wopanda madontho amenewa umaoneka ngati nyale ya pamsewu.

Zithunzi zambiri za pa intaneti zimaonetsa mwezi mmene umaonekera ku Ulaya, mpoto uli kumwamba. Ife tili kumwera kwa equator, ndipo mwezi ukamatuluka kum'mawa umakhala utagona chammbali, mbali yake ya kumpoto italoza kumanzere. Choncho tembenuzirani chithunzicho kumanzere pafupifupi kota ya mzungulo. Choposa apo, dikirani mwezi wathunthu, mutuluke panja ndi pensulo, mujambule zomwe mukuona.

Jambulani kuseri kwa nsalu, mbali yoyang'ana mkati, kuti mwezi ukazima nkhope izioneka yoyera ndipo madontho azitulukira pokhapokha wayaka. Kumbukirani kuti chojambulidwa kuseri chimaoneka chotembenuka kutsogolo, ndiye kumanja kukhale kumanzere. Njira yosavuta n'kukunga nsaluyo chagada kwakanthawi, kujambula mwezi uli woyaka m'chipinda cha mdima, kenaka ikauma n'kuitembenuza.

Sungunulani kasupuni kamodzi ka penti yakuda ya madzi m'kapu yodzaza madzi. Iziwoneka ngati madzi akuda chabe. Viikani siponji yong'ambidwa ndi manja, finyani mpaka itsale pang'ono kuuma, ndipo muzidinda, osapaka. Yambani mopepuka, dikirani kuti paume, muone, kenaka muonjeze pofunika. Kuwala kukamadutsa pa nsalu, chomwe chimadetsa ndi kukhuthala kwa penti, osati mtundu wake. Ngakhale penti yoyera yokhuthala imaoneka yakuda. Podetsa kwambiri sipabwereranso. M'mphepete mwa madontho musakhale mzere wakuthwa, dindani ndi siponji ya madzi okhaokha kuti pasungunuke. Timaenje ting'onoting'ono musavutike nato, munthu wa pa benchi lachisanu sationa.

Mwezi wongokhala kumene

Ngati sewero likufuna mwezi wa nyanga, musapange beseni lina. Dulani katoni yopakidwa penti yakuda yosanyezimira, muikoloweke kutsogolo kwa nsalu ndi timawaya titatu, kuti muzitha kuichotsa pakati pa magawo a sewero. Nyanga ziwiri za mwezi nthawi zonse zimathera pa malo oyang'anana, pa mzere wodutsa pakati. Jambulani mzere umenewo, kuchokera pakati yezani masentimita 18 kupita kumbali yowala, ndipo pindani kansungwi kopyapyala kuti kadutse pa nyanga, pa malo mwayezawo, ndi pa nyanga inayo. Tsatani kansungwiko ndi pensulo n'kudula.

Kuno kwathu mwezi watsopano umaoneka madzulo kumadzulo, mimba yowala ili pansi kuloza komwe dzuwa lalowera, nyanga zitaloza kumwamba mopendekeka pang'ono. Musauimike chilili ngati wa m'mabuku a kunja. Ndipo umalowa usiku usanakule, choncho gawo la pakati pa usiku silingakhale ndi mwezi wotere. Wathunthu ndiwo umatuluka dzuwa likamalowa n'kukhala usiku wonse. Akuluakulu a kumudzi oonera sewero lanu amazidziwa bwino zimenezi. M'malo mwa katoni mukhoza kugwiritsa ntchito pepala lokhuthala la khaki lomwe limadutsitsa kuwala pang'ono. Mbali yamdimayo idzaoneka mwa chizimezime, monga zimakhalira kumwamba mwezi ukakhala wa masiku awiri kapena atatu.

Kupachika ndi kukweza

Mwezi wonse umalemera makilogalamu awiri kapena atatu. Mangani zingwe ziwiri pa mabawuti awiri akumtunda, osati pa mlomo wa beseni, ndipo muonjeze waya wachitatu wolimba womangidwa pa mtanda wina wa denga, kuti zingwe zikaduka usagwere osewera. Chingwe chimodzi chokha chimauzunguza, anthu n'kuona kumbuyo kwa beseni. Usakhale pakati penipeni pa siteji. Uikeni chakumanja kapena chakumanzere, mamita 2.5 kapena 3 kuchokera pansi, kuti mitu ya osewera isautchinge.

Kumbuyo kwake kukhale kwakuda kosanyezimira. Pepala lakuda lapulasitiki lofolerera zigafa limapezeka paliponse kuno, koma limabweza kuwala ndipo makwinya ake onse amaonekera. Chiguduli chomangira fodya chopakidwa penti yakuda ya madzi chimameza kuwala bwino kwambiri. Chimayaka msanga, choncho kandulo, koloboyi ndi magetsi otentha a halojeni zisayandikire. M'beseni momwemonso musaikemo babu lotentha.

Kuti mwezi utuluke, dulani katoni kapena pulayiwudi m'maonekedwe a phiri la Kasungu kapena mitengo, muimike kutsogolo kwake. Kokani waya awiri oonda akuda kuchokera pansi kufika kudenga, mwezi uziyenda pa waya amenewo kudzera m'timphete, ndipo chingwe chokokera chidutse pa kawilo kudenga. Wokoka asafulumire: mita imodzi itenge mphindi ziwiri kapena zitatu. Anthu azingozindikira kuti mwezi wakwera osauona ukuyenda. Mwezi wotuluka m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, utsi wa lupsa ndi fumbi zitadzaza, umakhala wofiirira. Mukafuna zimenezo, yalani mizere ya 3000K ndi ya 6500K mosinthanasinthana pa thabwa, mtundu uliwonse ndi dimmer yake, kuti uyambe wachikasu n'kumayera ukamakwera.

Pafupifupi mita ndi theka yotsala pa mpukutu ija mukhoza kuizunguliza kuseri kwa beseni, kuyang'ana ku chiguduli chomwe chili masentimita 20 kumbuyo. Imapanga kankhungu kowala mozungulira mwezi. Ikhale yofooka kwambiri, ndipo dziwani kuti ikweza kadyedwe ka magetsi kufika pa ma amp 2.

Kuwala kwa pa osewera

Beseni lanu siliwalitsa anthu pa siteji. Kuwala kwa mwezi pa osewera kumachokera ku nyale ina, monga floodlight ya LED ya mawati 10 kapena 20, yopachikidwa m'mwamba mbali yomweyo kuli mwezi, chakumbuyo kwa osewera, kuti zithunzithunzi zawo zigwere kutsogolo. Ikakhala mbali ina, diso limadziwa kuti pali cholakwika ngakhale munthu sanganene kuti n'chiyani. Iphimbeni ndi pepala lapulasitiki la mtundu wa thambo wopepuka. Mtundu wakuda kwambiri umameza nkhope za khungu lakuda, maso ndi milomo osaoneka, pomwe sewero lagona pa nkhopezo. Onjezani kanyale kofooka kachikasu kutsogolo kuti nkhope zioneke. Ma floodlight ambiri otchipa sachepetseka kuwala, ndiye aphimbeni ndi mapepala a tracing kapena muwasunthire kutali. Nyale iliyonse isalunjike pa nkhope ya mwezi kapena pa chiguduli. Pindani katoni yakuda m'mbali mwake kuti itchinge.

Mipikisano ya zisudzo za m'masukulu, monga ya ATEM, ndi masewero a kutchalitchi nthawi zambiri zimachitika masana. Mazenera akakhala osatchinga, mwezi umangooneka ngati nsalu yoyera. Tchingani mazenera atatu kapena anayi oyandikira siteji mbali zonse ziwiri, ndipo masana dimmer ikhale pamwamba. Usiku theka limakwana.

Poyeserera komaliza jambulani mwezi ndi foni. Ma dimmer ena amaphethira mothamanga moti diso siliona, koma pa kanema pamaoneka mizere yoyenda. Zikatero kwezani dimmer mpaka kumapeto ndipo muchepetse kuwala poonjeza pepala mkati. Mukamva kulira kwachilendo m'masipika nthawi yomwe mukupotokola dimmer, waya wa mwezi wayenda limodzi ndi wa maikolofoni. Alekanitseni ndi theka la mita, ndipo pomwe akuyenera kudutsana adutsane mopingasa. Pomaliza lembani chizindikiro ndi penti yoyera pa kopotokola pa mlingo wa gawo lililonse la sewero, ndipo mumange mfundo pa chingwe chokokera pomwe mwezi uyenera kuima, kuti wokokayo azimva ndi dzanja mumdima.